Kompyuta Yonena Zoona M'mawa

Anamutenga ine ndili kuseri ndikuchapa. Ndinamva galimoto ikuima pachipata, ndipo pamene ndinkapukuta manja n'kuzungulira nyumba, mdzukulu wanga anali kale pampando wa kumbuyo, chikwama chake chachikulu chili pamiyendo pa wapolisi. Sajeni wawo, bambo wa maso otopa amene ankayankhula ngati mawu amachita kugula, anandiuza kuti mwanayo waba mankhwala.

Ndinafunsa kuti mankhwala a chiyani, popeza mwana ameneyu ngakhale mutu umupweteke chotani samwa m'bulu ndi umodzi womwe. Anati a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, mabokosi ambirimbiri, kusitolo ya mankhwala ya pafupi ndi pokwerera mabasi.

"Agogo, ayironi ndaisiya yoyaka," anatero mdzukulu wanga pawindo, galimoto n'kunyamuka.

Ndinakazimitsa ayironiyo, ndinavala nsapato, ndipo zovala ndinazisiya m'madzi momwemo. Mwana ameneyu ndamulera ndekha chimwalirireni mayi ake. Amagwira ntchito ku kakampani kolemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo ntchito yakeyo sindiimvetsa, koma mwanayo ndimamudziwa.

Ndinalunjika kusitolo kuja. Mwini sitoloyo ndi mayi wamfupi wa magalasi, woyenda ndi makiyi m'khosi. Sanandipatse mpando. Anati iye amakhulupirira zimene waona ndi maso, ndipo zimene anaona ndi izi. Kompyuta ya m'chipinda chosungira katundu ndi imene imawerenga mankhwala olowa ndi otuluka, ndipo kwa nthawi yaitali inkagwirizana ndi zimene zili pamashelefu. Kenako kunabwera mdzukulu wanga kudzaika pulogalamu yatsopano. Anakhala yekha m'chipindamo ndi chikwama chake chija. M'mawa mwake kompyuta inanena kuti pamashelefu payenera kukhala mabokosi ochuluka kuposa amene analipo. Atawerenga ndi manja, anapeza kuti n'zoona, akusowa.

Ndinati andionetse. Anausa moyo, natsegula chipindacho. Munali mozizira, mopanda windo, firiji ikulira pakona, kompyuta ili pa katebulo kuseri kwa chitseko. Anadina uku ndi uku, kenako anachita tsinya.

Ndinamufunsa kuti chavuta n'chiyani.

"Yayambanso," anatero. "Pano ikuti palibe chasowa."

Apa mpamene ndinamva mbali ina ya nkhaniyo. Chiikireni pulogalamu yatsopanoyo, m'mawa uliwonse kompyuta inkati mankhwala asowa, koma pofika masana inkati zonse zili bwino. Iye ndi apolisi anagwirizana kuti ndi mdzukulu wanga amene ankaisokoneza ali kutali, kudzera pafoni, pofuna kufafaniza mapazi ake.

Ndinayang'ana kompyutayo, ndinayang'ana mayiyo. Mdzukulu wanga anali m'manja mwa apolisi kuyambira m'mawa, foni atamulanda. Ndinamufunsa mayiyo kuti nanga lero waisokoneza ndi chiyani, ndi maloto kodi?

Anangogwira makiyi ake aja.

* * *

Kupolisi anandilola kumuona kudzera pa kawindo ka waya. Anali atavula nsapato, maso ali psuu. Ndinamuuza kuti asiye kulira, andifotokozere chimene anakaika m'sitolo muja, ndipo afotokoze ngati akuuza munthu amene anasiya sukulu mafoni asanabwere.

Anati pulogalamu siyenda yokha. Imadalira tizidutswa tina tolembedwa kale, tina towerengera, tina tosindikiza, timene iwo amati laibulale ngakhale mulibe buku ndi limodzi. Kale munthu wa kukampani ankapita kusitolo iliyonse kukaika tizidutswa timeneti ndi manja, kenako n'kulemba penapake m'kati mwa kompyuta mawu ouza pulogalamu kumene tili. Dzina la mawuwo anandiuza m'Chingerezi, ine ndinaliiwala pomwepo. Iye anati ndiziwatenga ngati chikwangwani cha pamphambano: pulogalamu ikadzuka imawerenga chikwangwani, n'kulowera kumene chaloza, osafunsa.

Ntchito yake, anati, inali yomanga zonse m'phukusi limodzi, pulogalamu ndi tizidutswa take pamodzi, kuti munthu akangodina kamodzi zonse zilowe.

Pamenepo ndinamvako. Pamene ndinkamutumiza kusukulu yogonera komweko ndinkamuikira zonse m'sutikesi, mpaka singano ndi ulusi, kuti asakayambe kubwereka kwa anzake. Ndinamufunsa ngati ndi zomwezo. Anati inde, pafupifupi. Anawonjezera kuti phukusi lake limalembanso chikwangwani chija lokha nthawi iliyonse kompyuta ikayatsidwa, chifukwa makompyuta a m'masitolo amagwiridwa ndi anthu ambiri ndipo zinthu zimasokonekera.

Ndinamufunsa ngati phukusi lingadye mankhwala. Anati ayi. Ngati lingasinthe maganizo masana. Anati ayinso, ndipo n'zimene zinkamuzunguza mutu iyenso, chifukwa pakompyuta yake linkayenda bwinobwino.

"Aliyense ku ntchito kwathu amanena choncho, agogo," anatero. "Pa yanga zikuyenda. Lero ndanena kwa apolisi, andiseka."

Ndinatuluka mutu uli wolemera kuposa polowa. Chikwangwani, sutikesi, laibulale yopanda mabuku. Sajeni anandipeza pakhonde nandiuza kuti nkhaniyi ikalowa kubwalo la milandu sabata yomweyo. Ndinamuuza za foni ija. Anakanda m'mutu, nati ana a masiku ano amatha kutchera chinthu n'kuchisiya chikudzichitira chokha. Sindinathe kumutsutsa. Mwana wanga yemwe anali atangondiuza kumene kuti phukusi lake limadzilembera zinthu lokha.

Ndinabwerera kunyumba ndikudzifunsa ngati ndinamufunsa mafunso omuthandiza kapena omumangitsa.

* * *

Kukampani kwawo ndi zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya matayala. Bwana wake ndinamupeza ali pafoni, ndipo anakhalabe pafoni nthawi yonse imene ndinali pomwepo. Pakati pa "inde, bwana" ndi "ayi, bwana" anandiuza kuti kampani ikumva chisoni, kampani ikudikira apolisi, kampani singalowerere. Ndinamufunsa kuti kampaniyo ndi ndani ngati si iyeyo. Analoza foni n'kutembenuka.

Amene anandilandira bwino anali mnyamata wamkulu ndithu amene onse amamutcha Zingwe, chifukwa sayenda opanda chikwama chodzaza nthambo za makompyuta. Anandipatsa mpando wake, anandithirira madzi, ananditcha amama. Anali atadzola perefyumu yaukali, yonunkhira ngati malalanje owola pang'ono, moti ndinayetsemula kawiri.

Anati mtima wake ukuwawa chifukwa mdzukulu wanga ali ngati mlongo wake. Koma, anatero akutsitsa mawu, mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Iye anamuchenjeza kuti zinthu zomangidwa m'phukusi n'zoopsa, munthu sudziwa chimene chili m'katimo. Kale ankapita yekha kusitolo iliyonse, kuika chilichonse ndi manja ake, ndipo palibe amene anadandaulapo.

Ndinamufunsa ngati kusitolo ya mankhwala ija ankapitanso.

"Kale, amama, kale. Chibwerereni phukusi lija sindinapondeko. Ndikakatani? Landilanda ntchito, ndangokhala ngati galu wopanda mwini."

Anaseka, inenso ndinaseka. Anandiperekeza mpaka pamasitepe atandigwira pamkono. Ndinatsika ndikuganiza kuti m'nyumba yonse ija munthu ndi yekhayo.

* * *

Tsiku lotsatira ndinalawirira kusitolo kuti ndione ndi maso anga. Mwini sitolo anatsegula chipinda, anayatsa swichi ya pakhoma, kompyuta inadzuka. Inati mankhwala asowa. Ndinamufunsa chifukwa chake amazimitsa pakhoma. Anati amatero tsiku lililonse potseka, kuopa kuti magetsi akabwera mwamphamvu angaotche makina, ndipo kodi zimenezo zikukhudzana bwanji ndi mankhwala ake? Ndinati sindikudziwa, ndipo sindinkadziwadi.

Ndinapita kumsika, ndinakagulira mkaidi wanga buledi ndi sopo, ndinabwerera dzuwa litapendeka. Mwini sitolo anali asanabwerere kuchokera kokatenga ana kusukulu. Pakauntala panali mtsikana wogulitsa, wa zikhadabo zazitali zopaka utoto wobiriwira, amene amatafuna chingamu ngakhale akuyankhula ndi akuluakulu. Ndinamuuza kuti ndaiwala ambulera m'chipinda muja. Linali bodza, koma anatsegula.

Nditangolowa ndinayetsemula.

Ndinaima pakati pa makatoni ndikununkhiza ngati galu wa alenje. M'chipinda chosungira mankhwala mumamveka fungo la mapepala ndi la sipiriti. M'mawa munali fungo lomwelo basi. Tsopano munali malalanje owola.

Ndinatuluka n'kumufunsa mtsikanayo kuti walowa muno ndani. Anati palibe. Ndinati chabwino, ndikhala pabenchi apa mpaka abwana ako abwere, tidzanunkhize tonse. Chingamu chinaima m'kamwa.

Anayamba kutali. Anati iye si munthu wa zibwenzi, mayi ake ndi a kwaya, ndipo achimwene ajawo ndi amene anayamba, iye sanawaitane. Amabwera masana abwana akachoka, amamubweretsera chakumwa chozizira, amamuuza kuti maso ake ndi okongola. Kenako amati alowe pang'ono akaone ngati kompyuta sikutentha, popeza kampani imawatuma. Iye amawapatsa kiyi wa m'dirowa. Zimenezi zinayamba kalekale, koma kale ankabwera mwa apo ndi apo. Chiikireni pulogalamu yatsopano akubwera tsiku ndi tsiku, ndipo iye ankaganiza kuti chikondi chakula.

Ndinamufunsa kuti achimwene ake ati.

"A Zingwe aja. Koma agogo, musawauze abwana. Andichotsa ntchito."

Ndinamufunsa ngati amalowa ndi chikwama. Anati samachisiya, amati muli zida zodula.

Ndinakhala pabenchi paja. Munthu amene anandithirira madzi. Komabe mutu wanga sunathe kulumikiza. Ngati ndi iyeyo amaba, n'chifukwa chiyani kompyuta inakhala chete nthawi yonseyi, n'kudzayamba kulira mdzukulu wanga atabwera? Ndipo ngati mlandu wagwera kale munthu wina, iye akubwereranji tsiku ndi tsiku? Wakuba wanzeru amasowa.

Ndinanyamula buledi wanga n'kuthamangira kupolisi.

* * *

Ndinamuuza mdzukulu wanga zinthu zitatu zimene ndinali nazo, monga mmene zinalili, popanda kuzisanja: swichi ya pakhoma, fungo, ndi chakumwa chozizira. Ndinati ine ndatola, iwe soka.

Iye anagwira waya wa pawindo ndi manja onse awiri.

Anati ngati Zingwe ndi amene anaika pulogalamu yakale ndi manja, ndiye kuti ndi amene anasankha kachidutswa kowerengera, n'kulemba chikwangwani choloza kumene kali. Akanatha kuikamo kake kokhotetsa, kochotsa m'chiwerengero mabokosi amene watenga, kuti kompyuta izigwirizana ndi mashelefu. Phukusi latsopano linabwera ndi kachidutswa koona n'kutembenuza chikwangwani. Choncho m'mawa pulogalamu imawerenga ndi koona, n'kuulula zonse zimene zinasowa kuyambira kale. Masana Zingwe amabwera kudzabweza chikwangwani kwa kake. Potseka, mwini sitolo amazimitsa pakhoma. M'mawa akayatsa, phukusi limachiwongolanso.

Ndinamufunsa funso langa lija, loti akubwereranji.

Anati chifukwa kompyuta ikangonena zoona kwa tsiku lathunthu, wina adzakhala pansi n'kuona kuti mabokosi osowawo sangalowe m'chikwama chimodzi, ndiponso kuti anayamba kusowa iye, mdzukulu wangayo, asanapondeko m'sitolomo. Zingwe akufuna anthu aziona ngati makinawo apenga, asawakhulupirire. Ndipo mwina mpaka pano sakumvetsa chimene chikumufufutira ntchito yake usiku uliwonse, chifukwa phukusilo anakana ngakhale kulitsegula.

Ndinamvetsa theka. Ndinamuuza kuti theka limenelo sajeni sangalimve, andipatse chinthu choti munthu aone ndi maso.

"Mukapite masana, ikunena kuti zonse zili bwino," anatero. "Muizimitse, muiyatsenso. Basi."

* * *

Sajeni sanafune. Anati ali ndi milandu ya anthu obayana, sangakhale akuyatsa ndi kuzimitsa makina ngati mwana woseweretsa tochi. Ndinamuuza kuti ndikhala pakhomo pa ofesi yake ndi buledi wanga mpaka atatopa nane, ndipo kuti ine ndinalera ana asanu ndi mwamuna wovuta, kudikira ndimakudziwa. Anatenga chipewa.

Tinafika sitolo isanatsekedwe. Mwini sitolo anationetsa kompyuta: palibe chasowa. Ndinamuuza azimitse pakhoma. Anayang'ana sajeni, sajeni anagwedeza mutu. Chipinda chinangotsala ndi kulira kwa firiji. Anayatsanso. Tinadikira, tonse atatu titaweramira kagalasi kaja ngati tikuyang'ana m'chitsime. Kunena zoona, zikanakanika ndinalibenso china.

Manambala anabwera ofiira. Mankhwala asowa.

Mwini sitolo anavula magalasi n'kuwapukuta. Anati ndiye kuti si m'mawa kapena masana, ndi kuyatsa. Sajeni anafunsa kuti nanga amene amaibweza ku bodza ndani. Ndinaloza chitseko. Mtsikana wa zikhadabo uja anali ataima pomwepo, akulira kale.

Mawa lake masana mwini sitolo anatuluka monga mwa masiku onse, makiyi m'khosi, koma anangokazungulira kuseri. Sajeni anakhala pa ndowa yovundikira kuseri kwa makatoni a matewera. Ine anandiletsa kulowa, choncho ndinakhala pabenchi la odwala nditafunda mpango kumutu, ndikutsokomola mwa apo ndi apo. Mtsikana uja sajeni anali atamuuza kuti akangosintha nkhope, akagona kumene kuli mdzukulu wanga.

Fungo linafika Zingwe asanafike. Anaika botolo pakauntala, ananena za maso, anatenga kiyi. Sanandiyang'ane n'komwe, nkhalamba yotsokomola m'sitolo ya mankhwala ili ngati mpando. Chitseko chinatsekeka. Ndinamva kudina kwa zala, kenako ndowa ikugwa, kenako mawu a sajeni, osakweza, akumuuza kuti asachotse manja pamene ali.

Atamutulutsa anandiona, ndipo ngakhale pamenepo sanasiye ulemu. Anati amama, pali kusamvetsetsana, iye ankangokonza zimene mdzukulu wanga anawononga. Ndinamukumbutsa kuti dzana anandiuza kuti sanapondeko kuno.

Apolisi ena anabweretsa mdzukulu wanga kuchokera kupolisi, nsapato zopanda zingwe, kuti aonetse sajeni zimene zinali pagalasi. Chikwangwani chinali chitalozedwa ku malo ena obisika m'kompyutamo, amene iye anawatcha foda, ndipo zimene zinali m'fodamo zinaikidwa kale kwambiri, mdzukulu wanga asanalembedwe n'komwe ntchito kukampaniko. Kunyumba kwa Zingwe, ndinamva pambuyo pake, anakapeza mabokosi pansi pa bedi, ena odzaza, ambiri opanda kanthu. Bwana wa kampani anaimba foni kunena kuti kampani yasangalala. Mwini sitolo sanapepese ndi pakamwa, koma anatulutsa mpando n'kundipatsa, ndipo mtsikana uja anamusiya pantchito atamulanda kiyi wa m'dirowa.

* * *

Tinabwerera wapansi chifukwa mdzukulu wanga anati akufuna kuona thambo. M'njira anayambanso kundifotokozera za tizidutswa tija, ndipo anali wonyadira, chifukwa phukusi lake ndi limene linagwira wakuba. Ndinamulola ayankhule mpaka pachipata. Mpaka lero sindidziwa ngati laibulale ija imakhala m'bokosi la pansi pa tebulo kapena m'galasi, ndipo ndasiya kufunsa.

Koma zovala zanga zinali zitanunkha m'beseni, ndipo ndili kuzitsukuluza ndinamuitana kuti adzagwire mbali ina ya shiti.

Ndinamuuza kuti phukusi lakelo silinagwire munthu. Linagwiritsa mwini wake. M'mawa uliwonse linkapeza chikwangwani chitakhotetsedwa, linkaona bwinobwino kuti wina wagwirapo, ndipo linkangochiwongola mwakachetechete n'kupitiriza ntchito ngati mkamwini wamanyazi. Likanangonena tsiku loyamba kuti pano wina wasintha, iye sakanagona pasimenti, ine sindikanayenda tauni yonse ndikununkhiza zipinda za eni ake.

Anati zimenezo sanaziganizire, ankangofuna kuti anthu asavutike ndi mauthenga ambiri.

"Uvutitse anthu, mwanangu," ndinatero. "Kumanga sutikesi wadziwa, palibe chimene unaiwala. Koma ukabwerera kuntchito ukachipatse pakamwa chinthu chakocho. Chikapeza kuti wina wagwira chikwangwani, chizinena, ndipo chizinena m'mawu oti ngakhale mayi wa makiyi uja amve. Ine miyendo yatha, sindidzakuyenderanso kachiwiri. Finya mbali yakoyo, madzi akudontha."